Nangula Amene Ndinasiya pa Thanthwe

Lachinayi, 11 Julaye

A Prudence, dokotala wa mafupa, akuti ndigona chagada pano m'chipatala mpaka fupa ligwirane, mwina mwezi ndi theka. Mkazi wanga Yunike wandigulira kope ili kuti ndisiye kukalipira denga.

Ndine Gerishon, wokonza mapaipi a madzi kwathu ku Dambe. Madzi athu amatuluka pakati penipeni pa Thanthwe la Mkanda, ndipo kuti ufike pabokosi la simenti pomwe paipi imayambira, umatsika ndi chingwe kuchokera pamwamba. Lolemba ndinatsika kukaona paipi yomwe inang'ambika. Mwala umene ndinaponda unagumuka, ndinagwa, chingwe chinandigwira n'kundiombetsa kuthanthwe. Fupa la ntchafu yakumanzere linathyoka. Ndinadzitsitsa ndekha mpaka pansi ndikukuwa ngati mbuzi, anthu n'kudzandinyamula. Chingwecho chinatsala pomwepo, chikulendewera.

Kuno andibowola pansi pa bondo n'kulowetsa chitsulo chonga msomali. Pachitsulopo amangapo chingwe chodutsa pakagudumu kumapazi kwa bedi, ndipo kumapeto kwake kuli thumba la mchenga la makilo asanu ndi awiri. Thumbalo likukoka mwendo kuti mafupa akhale moyang'anana. Panado katatu patsiku. Kupweteka ndiye musanene.

Loweruka, 13 Julaye

Kunabwera mwana wathu Maness ndi mwamuna wake Fletcher. Anabweretsa manachesi ndi mbatata ya kachewere yophika. Panabweranso awiri a komiti ya madzi.

Mkamwini wanga Fletcher ndi munthu wabwino mopweteketsa mutu. Ndakhala ndikumuphunzitsa zotsika pathanthwe kuyambira chaka chatha, koma mpaka lero sandiyang'ana m'maso. Ananjuta pambali pa bedi, chipewa m'manja, akuyankhula ndi simenti yapansi.

"Bambo, ndinakwera pamwamba paja kukaona. Zonse zili mmene munasiyira. Mchira wa mfundo uja ukuonekera, ngati chala ichi. Sindinakhudze kanthu."

"Mwachita bwino," ndinatero. Kenako ndinakweza mawu kuti a komiti amve, ndi wodi yonse yomwe. "Mukauze anthu kuti mfundo ya Gerishon sinalakwe. Unalakwa ndi mwala. Mfundo imeneyo yandigwira ine ndikugwa, ndipo ingagwire ng'ombe."

A komiti akuti paipi yatsopano ifika kumapeto kwa mwezi, ndipo wotsika nayo ndi Fletcher, poti wina wodziwa palibe. Panopa mipopi yonse yauma, anthu akutunga kumtsinje.

Lolemba, 15 Julaye

Kutentha kwa thupi 37.4. Chimbudzi cha pabedi chandichotsa ulemu wonse.

Bedi la kumanja kwanga kuli a Gabriel a ku Ligowe. Anakalambira pamalole, kumanga katundu, tsopano shuga wawadya zala za kuphazi. Anandifunsa kuti pamwamba pathanthwe chingwe chimagwira pati, ndinawafotokozera.

Pali mabawuti awiri okhomedwa m'mwala, lililonse lili ndi mbedza yake yotseka. Umatenga chingwe chachifupi, n'kumanga mbali imodzi pambedza iyi, ina pa iyo, ndipo pakati umaika mphete yachitsulo. Pamphetepo ndiye pamagwira chingwe chachitali chotsikira. Zonsezo pamodzi alangizi amene anatiphunzitsa ankazitcha nangula. Kumanga kwake kuli pawiri. Pali mfundo yotseka, yomwe imadzigwira yokha ngakhale uichotse pachitsulo. Ndiye pali yokoleka: umangopinda chingwe kawiri n'kukoleka pambedza, kulemera kwako n'kumene kumaifinya. Ine ndimamanga yokoleka.

"Ameneyo ndi khwekhwe wotchera nkhwali," anatero a Gabriel. "Munthu wamkulu ngati inu kulendewera pamsampha?"

Ndinawawerengera ubwino wake. M'chifunga cha kwathu zala zimauma ndi kuzizira, koma yokoleka umaimanga ndi dzanja limodzi. Sidya chingwe chambiri. Ukaona kuti bawuti limodzi likusenza lokha, umangosendeza pang'ono popanda kumasula, onse awiri n'kugawana katundu. Ukamaliza ntchito imamasuka ngati sinagwirepo munthu. Yotseka ija ikalemedwa imauma gwa, umachita kuiluma ndi mano, mwinanso kudula chingwe chabwinobwino. Ukaimanga mokhota, yakhota basi.

"Eya, yakhota, koma mawa muipeza pomwe munaisiya," anatero. "Ine yokolekayo ndinkamangira lona yophimba katundu palole, ndikudziwa kuti ndiima pa Zalewa kukokanso. Thanthwe lili ndi pa Zalewa?"

Munthu wopanda zala zakuphazi sulimbana naye.

Lachitatu, 17 Julaye

Andijambula. A Prudence akuti mafupa ali pamzere wabwino, ndisagwedezeke. Koma pomwe chitsulo chalowera pafiira ndipo pakutuluka timadzi. Atsuka ndi mankhwala ofiirira.

Lero ndaona chinthu. Thumba langa la mchenga amalimanga ndi mfundo yanga yomwe, yokoleka. Ndinawaitana a Gabriel kuti aone kuti ngakhale ophunzira amadziwa chabwino. A Prudence anaseka.

"Ndimaikonda chifukwa ndimakweza kapena kutsitsa thumba osamasula. Koma onani, bambo." Anamatula pulasitala amene anamata pamchira wa chingwe, n'kukoka mchirawo kuti utalike, n'kumatanso. "Mukamatembenuka thumba limapepuka n'kulemeranso, ndiye imayenda pang'onopang'ono. Mfundo imeneyi imafuna mwini wake aziizonda m'mawa uliwonse."

A Gabriel anatsokomola chifuwa chimene alibe.

Lachisanu, 19 Julaye

38.2. Ayamba jakisoni wopha tizilombo, wolowera m'mtsempha, kamodzi patsiku. Chakudya sichikulowa. Yunike wandiumiriza phala.

Kunja kuli mphepo ya mwera, malata akulira tsiku lonse. Yunike akuti kuwodi ya ana agoneka awiri a m'mudzi mwathu, otsekula m'mimba. Madzi akumtsinje aja.

Thumba lija limagwedezeka lokha chitseko chikatseguka. Sindikukonda kuliyang'ana, komanso palibe china choyang'ana.

Lamulungu, 21 Julaye

Kunabwera amayi a mvano kudzaimba. Ali pakati pa nyimbo, ine mtima unangoti phwii, nditakumbukira mawu a Fletcher aja.

Ndikamanga yokoleka, mchira ndimasiya wautali ngati mkono, kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Ndimatero nthawi zonse, ndipo tsiku lija ndinatero. Fletcher anati mchira ukuonekera ngati chala.

Ndiye kuti pogwa ine mfundo inatsetsereka, n'kudya mchira wonsewo isanagwire. Inandipulumutsa ndithu, sindinaname. Koma chinatsala ndi chala chimodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo chingwe chachitali chikulendewera pamphepo iyi. Mwera ukachikankha chimakoka, ukaleka chimapepuka. Kukoka, kupepuka, usana ndi usiku, m'chifunga chonyowa, popanda a Prudence oizonda m'mawa. Mbali inayo sindikudziwa n'komwe kuti yatsala bwanji.

Ine ndinamva mawu amenewo ndi makutu angawa, koma ndinali kalikiliki kudzitama. Ndikuchita mantha.

Lolemba, 22 Julaye

38.9. Bala layamba kununkha. Atenga magazi ndi mafinya kukayeza.

Paipi yafika msanga. Akuti Fletcher atsika Loweruka likubwerali. Kwathu foni imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu pokha, ndiye Yunike anatumiza uthenga kuti akaime pamenepo masana. Ndinayankhula naye.

"A Fletcher, nangula uja mukamasule yense. Mukamange watsopano ndi mfundo yotseka, mbali zonse ziwiri, ndi chingwe china. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

"Musatsikire pa uja. Mchira watha."

"Ndamva, bambo. Inu muzingopuma, musadandaule za kuno."

Ndikumudziwa mkamwini wanga. "Ndamva, bambo" ameneyo amamunena ngakhale ndikamuuza kuti mvula igwa mwezi wa Ogasiti.

Lachiwiri, 23 Julaye

Yunike wandiuza zoona, atatha kuzungulira ngati galu wofuna pogona.

"Bambo a Maness, anthu akuti ndi kutentha thupi kukuyankhulitsani. Muli bwinobwino munati mfundoyo ingagwire ng'ombe, a komiti anakalengeza pamsonkhano. Lero mukubwebweta, mukuti yatha. Akhulupirire ziti?"

"Ndikubwebweta ine?"

"Dzulo munandiitana dzina la malemu mayi anu."

Zimenezo sindikuzikumbuka. Koma chachikulu si chimenecho ayi. Yunike anatsitsa mawu.

"Fletcher sangamasule. Mukudziwa inunso. Zida za munthu amene ali m'chipatala sazilongedza, chomwe anamanga sachimasula. Amatero akapita. Fletcher akakamasula chingwe chanu inu muli gone pano, anthu adzati mkamwini watsanzika apongozi ake ali moyo, akufuna ntchito yawo. Ndiye mukapanda kudzuka, adzaloza ndani? Iye akuti bola atsikire pomwepo, mudzamasule nokha mukachira."

Ndinakalipa mpaka namwino anabwera. Koma mwambo umenewu ndimaudziwa. Malume anga atagonekedwa, khasu lawo linakhala m'munda mpaka linachita dzimbiri, ndipo amene ankaletsa ana kulitola ndinali ine.

Lachitatu, 24 Julaye

39.3. Kuzizidwa, mano kugundana. Andiika diripi. Asintha jakisoni, tsopano ndi mitundu iwiri.

A Gabriel awadula phazi lonse dzulo. Madzulo anangoti, "Mkamwini wanuyo ndi wolemera bwanji?" Ndinati amandiposa, kuphatikiza paipi kumsana.

Lachinayi, 25 Julaye

Ndinapempha a Prudence kuti alembe kalata yoti mutu wanga uli bwino. Anandiyang'ana mwachisoni. Akuti alemba, koma ndani adzawerenge kalata ya dokotala wa mafupa yonena za chingwe chimene sanachione? Akunena zoona. Ndinapempha wapampando wa komiti pafoni kuti adikire. Akuti ana ogonekedwa afika asanu, ndipo mmodzi wa kwa a Bester a m'mudzi mwathu sanafike n'kuchipatala komwe. Ndingawauze kuti adikire chiyani?

Mawa kubwera Maness ndi zovala zochapa. Fletcher samva ine, samva Yunike. Koma Maness akalusa, amamva.

Lachisanu, 26 Julaye

Ndilemba zonse, kuti wina asadzanamiziridwe. Maganizo anali anga.

Maness anafika chakumasana, Yunike ali kukhitchini ya odikirira odwala, anamwino ali kuwodi ina. Ndinayamba kumufotokozera, iye n'kumandisisita dzanja ngati mwana.

"Bambo, mukachira mukaona nokha. Imwani kaye thobwa."

"Maness, taima kumapazi uko. Ukuliona thumbalo? Mfundo imeneyo ndi yomweyo ili pathanthwe."

A Gabriel ndinali nditawapempha kale m'mawa. Anakana kawiri, kachitatu anangopukusa mutu n'kuvomera. Anadzikankha panjinga yawo ya odwala mpaka kumapazi kwanga, anamatula pulasitala, n'kusendeza mfundo mpaka mchira unatsala ngati chala.

"Thumbalo ndi mwamuna wako," ndinatero. "Ine ndikhala mphepo."

Pamwamba pa bedi pali chogwirira chodzikwezera. Ndinagwira, n'kudzisendeza kumapazi kuti chingwe chipepuke, kenako n'kudzikokera kumutu kuti chikoke. Ululu wake ndinaona nyenyezi masana. Ndinabwereza. Maness anati, "Bambo, siyani, mudzipweteka." Ndinati, "Yang'ana mchira, usayang'ane ine." Ndinabwerezabwereza. Ndinamva iye akuti, "Ukulowa. Mayo, ukulowa!" Anatambasula dzanja kuti agwire, koma anachedwa.

Thumba linagwa pasimenti, phuu. Mnofu wa ntchafu unakoka, ndinamva mafupa akupitirirana m'kati. Kukuwa kumene ndinakuwa, akuti anakumva kuchipata.

Nditatsegula maso, Maness anali chiimire, manja pakamwa, akuyang'ana thumba lili pansi litaphulika, mchenga uli mbwee. Sanatsanzike. Anangomanga chitenje n'kuthamangira kumene kumaima njinga zamoto.

A Prudence sindinawaonepo atakwiya chonchi. "Masabata awiri a ntchito yanga ndi ya thupi lanu, mwawataya dala! Mukudziwa kuti fupa limeneli lili kale ndi tizilombo?" Ndinati ndikudziwa. Yunike wakhala pansi pafupi ndi bedi, wafunda chitenje kumutu.

Loweruka, 27 Julaye

Andijambulanso. Mafupa apitirirana, nsonga ina yabaya mnofu. Thumba latsopano, makilo asanu ndi anayi. 39.6.

Lero ndi tsiku lotsika. Foni ya Maness sikupezeka, ya Fletcher chimodzimodzi. Sindikudziwa ngati anafika dzulo, msewu wa kwathu ndi uja.

Chakumasana ambulansi inatuluka. Ndinatuma Yunike kukafunsa kumene yalowera. Akuti njira ya ku Dambe, koma mlonda sakudziwa kuti yakatenga ndani.

Bedi la kumanzere kwanga alichotsa munthu m'mawa, ayalapo nsalu zoyera. Ndapempha Yunike akhale pakati kuti ndisalione.

Lamulungu, 28 Julaye

Ambulansi ija inabwera ndi mayi woyembekezera. Ndinathokoza Mulungu, kenako ndinachita manyazi.

Foni zii. Mwendo watupa mpaka m'chiuno, khungu likunyezimira. A Prudence akuti kuno achita zomwe akanatha, mawa anditumiza ku Blantyre. Ndinafunsa ngati ndikabwereko ndi mwendo. Anati, "Tiyeni tiyambe taonetsetsa kuti mwabwerako inuyo."

Lolemba, 29 Julaye

Afika m'mawa uno onse awiri, fumbi mpaka m'nsidze. Fletcher akuyenda ndi miyendo yake. Yunike atamuona analira ngati pamaliro, mpaka a Gabriel anamuuza kuti asungeko ina misozi.

Maness akuti anafika Lachisanu kutada, ndipo Loweruka m'mamawa anakwera yekha pamwamba pathanthwe n'kukhala pamabawuti paja. Anauza a komiti kuti wofuna kutsika ayambe wamukankha iye. Anakangana mpaka dzuwa kutentha. Dzulo ndiye Fletcher anatsika, pa nangula watsopano. Mipopi ikutuluka madzi.

Fletcher ananjuta pamalo ake aja. Anatulutsa m'jumbo chingwe changa chachifupi, n'kuchiika pabedi ndi manja awiri.

"Bambo, mundikhululukire. Sindinafune kumasula. Mayi a kunyumbawa, a Maness, anati ndingokoka pang'ono kuti ndione. Ndinakoka ndi dzanja limodzi, mbali ya kumanzere inangobwera. Ya kumanja mchira unatsala ngati chikhadabo. Imeneyo ndiye ndinamasula ndine, ndi manja angawa." Kenako anati, "Anthu ayamba kale kuyankhula. Ndiye tamva kuti akukutumizani ku Blantyre."

Ndinachigwira chingwecho. Pomwe panali mfundo pauma, pakuwala ngati pamene padutsa ayironi. Ndinafunsa kuti watsopanoyo wamanga bwanji. Akuti yotseka mbali zonse ziwiri, ndipo atamaliza analephera kumasula, anachita kudula. A Gabriel anati, "Chingwe amagula." Ndinalibe mphamvu yowatsutsa. Ndinangomuuza Fletcher kuti yokoleka asaitaye, ili ndi ntchito yake pamene munthu uli pomwepo ukuiona, koma asadzaisiye kugona pathanthwe.

Kenako ndinaitanitsa awiri a komiti amene anabwera nawo, kuti aime pafupi. Ndinauza a Prudence andiyeze pamaso pawo, anene ngati ndikudziwa dzina langa ndi tsiku la lero. Ndinatchula zonse bwinobwino.

"Tsono mukanene kumudzi," ndinatero. "Chingwe ichi ndamasula ndine, Lachisanu, pabedi pano. Mboni ndi mwendowu. A Fletcher anangokanditengera. Ndikabwera, ndabwera. Ndikapanda kubwera, amene adzaloze chala mwana uyu adzakhala akunditsutsa ine."

Ndinamuuza Fletcher kuti kuseri kwa chitseko kunyumba kuli malamba anga a m'chiuno, chipewa cholimba ndi mbedza zinayi. Akatenge lero, asadikire uthenga wa ku Blantyre.

"Bambo, zimenezo sitingachite muli moyo."

"N'chifukwa chake ndikukupatsani ndili moyo."

Sananene kuti "ndamva, bambo." Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chimukwatire mwana wanga, ndipo anapitiriza kundiyang'ana ngati munthu amene akuloweza nkhope.

39.8. Ambulansi yaima pakhomo. A Prudence abwera ndi matabwa omangira mwendo panjira, ndipo ayamba kumasula thumba.